Ovololo ya Amuna Anga

Apolisi anagogoda pageti Loweruka masana, mu Okutobala, mvula isanayambe. Anandipeza pamwamba pa makwerero ndikupatsira amuna anga misomali. Tinkakonza denga la nyumba yathu ku Area 12, ndipo poopa kukodwa ndi chitenje ndinali nditavala ovololo yawo ya kuntchito. Masiku amenewo mkazi kuvala thalauza unali mlandu. Amene anakatinenera sindimudziwa mpaka lero, ngakhale mpanda wathu unali waufupi mbali imodzi yokha.

Amuna anga anali injiniya wochokera ku Sri Lanka. Anabwera adakali mnyamata kudzayala mapaipi a madzi pamene Capital Hill inkamangidwa. Chichewa anachiphunzira kwa anthu okumba ngalande ndi kwa mayi anga kumudzi, ndiye ulemu anaupitiriza muyeso. Ngakhale galu akalowa m'nyumba ankamuuza kuti, "Pepani, tulukani."

Anatsika padenga nyundo ili m'manja.

"Abwana, chovalachi ndi changa," anatero. "Ngati chalakwa, mangani ine."

"Sitimanga mwini thalauza. Timanga amene ali m'kati mwake," anayankha wapolisi.

Kupolisi anandilowetsa m'kachipinda momwe munali mkulu wina wa ndevu zapamlomo. Anandifunsa amene anandiphunzitsa kuvala ngati mwamuna, ndiponso ngati tilipo ambiri. Ndinati ndinalipo ndekha pamakwerero. Yankholo sanalikonde. Kuyambira tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva bwino. Kenaka anati ovololo ndi umboni, ndivule. Anandiponyera bulangeti lonunkha, n'kunditsekera m'chitokosi ndi amayi ena ogulitsa kachasu. Tinkagona mosinthana, chifukwa pansi sipankakwana tonse.

M'mawa mwake ndinamva kulira kumene ndinkakudziwa. Amuna anga anali pakauntala atabereka khanda lathu kumbuyo, ana ena awiri atagwira mathalauza awo.

"Ndabweretsa akuluwa adzayamwe," anatero. "Botolo akulikana."

Wapolisi wa pakauntala anati lamulo silinena za makanda. Khandalo linakweza mawu, ndipo lamulo linapezeka. Ananditulutsa, ndinayamwitsa pabenchi, n'kundibwezera m'chitokosi.

Amuna anga sanabwerere kunyumba. Anaimika galimoto pansi pa mtengo wamango, moyang'anana ndi windo la mkulu wa ndevu uja. Kuntchito anatumiza uthenga woti banja lasamuka pang'ono. Anakoleza mbaula, anaphikira ana phala. Anamanga chingwe kuchokera pamtengo kukafika pampanda wa polisi, anachiyeza kuti chisapendekeke, n'kuyanikapo matewera. Khanda likangolira, ankalowa nalo n'kupereka moni kwa wapolisi aliyense payekhapayekha, kumufunsa za kunyumba. Mwana wathu wamkazi anamumanga tsitsi okha. Nditamuona pawindo ndinalira koposa mmene ndinalirira m'kachipinda muja.

Lolemba mkulu uja anawaitana. Chitokosi chinali pafupi, ndinamva zonse ndi khutu lotsalalo.

"Inu ndinu mlendo m'dziko muno. Alendo olongolola timawakweza ndege tsiku lomwelo. Mukudziwa?"

"Ndikudziwa, abwana."

"Ndiye chotsani matewera anu mukagone kwanu."

"Kwathu kuli m'chitokosi mwanumo, abwana. Ine ndangotsatira."

Zimenezo sizinali zongoopseza. Tinkadziwa anthu amene anadzuka ndi mabanja awo m'mawa n'kukagona dziko lina okhaokha. Ndinawanong'oneza amuna anga poyamwitsa kuti apite, asandisiyire ana opanda bambo. Anangondifunsa kuti sopo wa matewera ndimasunga pati.

Masiku anapita. Apolisi aang'ono anayamba kulandira khanda m'manja pamene bambo ake ankachapa. Anthu odzadandaula za akuba ankayamba aima pamtengo wamango kufunsa ngati pali maliro. Mwana wathu wamwamuna anaphunzira kupereka sawatcha, ndipo ankachitira aliyense wodutsa, ngakhale akaidi.

Lachisanu m'mawa mkulu uja anandiitana. Maso ake anali ofiira. Sanatchulenso za thalauza.

"Mayi," anatero, "tengani amuna anu muzipita."

Ovololo inatsala komweko ngati umboni.

Titafika kunyumba ndinatsegula buti ya galimoto kuti nditsitse mbaula ndi mapoto. Kuseri kwake ndinapeza sutikesi yawo yakale, imene anabwera nayo m'dziko muno. Munali malaya awiri, pasipoti, ndi zithunzi zathu zonse, zochotsedwa m'mafelemu. Anali atailongedza usiku wa tsiku lomwe apolisi ananditenga.

"Munkaopa?" ndinawafunsa.

"Kwambiri," anatero. "Koma ana anali ndi njala."

Zaka zitapita malamulo aja anatha, ndipo anthu anavina m'misewu kuti ufulu wafika. Ine ndinasangalala nawo. Koma ndikafunsidwa za ufulu ndimakumbukira masana aja, ndikubwezera malaya awiri m'kabati, iwo akubwezera zithunzi m'mafelemu. Sutikesiyo sinayendenso ulendo. Amuna anga anamwalira chaka chatha m'nyengo yozizira, ndipo tinawaika kumudzi kwathu, pafupi ndi mayi anga, monga anapemphera okha.