Keke ya Esinta pa Msewu wa ku Migowi

Tinanyamuka mu Limbe Lachisanu cha m'ma 8 koloko, ine nditafumbata keke yosanja katatu pamiyendo. Inali ya ukwati wa Esinta, mwana wa achemwali anga, mawa lake ku Migowi. Ndikanakwera basi ngati anthu, koma alamu anga a Nakhumwa anali atangobwera kumene ku Joni ndi kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, ndipo anati keke yotere siyenda pamodzi ndi nkhuku.

Mpaka pa Chitakale, pomwe phula ankathera masiku amenewo, tinayenda bwino. Alamu anali pakamwa mbee, kundiphunzitsa zamakaniko. Akuti anachotsa mashokapu ofewa, aja amameza mabampu, n'kuikamo olimba a mpikisano. Pansi anamangaponso chitsulo chonenepa chopingasa, dzina lake sitabilaiza, kuti galimoto isamapendeke pokhota.

Titaima kugula nanazi wa K15, dalaivala wina wa matola anasuzumira kunsi kwa galimoto.

"Bwana, iyi mukupita nayo ku Phalombe? Phwetsaniko matayala pang'ono, kumbuyoku muike matumba awiri a mchenga. Apo ayi mayiwa akafika opanda mano."

"Achimwene, iyi si ngolo," anayankha alamu.

Fumbi litangoyamba, mwala uliwonse wa mumsewu unkafika m'chiuno mwanga osachotsera. Tisanafike pa Likhubula ndinali nditaluma lilime kawiri. Ndinawapempha kuti achepetse liwiro, iwo akuti mashokapu amenewa amakoma ukathamanga. Tinathamangadi, mpaka pansi panagunda chitumbira. Kenako tinayamba kukwawa, ndipo matola aja anatipitirira atasenza nandolo ndi anthu pamwamba, akuyenda nyang'anyang'a, amayi ena akutibayibitsa. Ndinapsa mtima mpaka pa boma la Phalombe.

Tinafika ku Migowi dzuwa litapendeka. Achemwali anatsegula katoni ya keke anthu onse a kumphika ataunjikana. Nsanjika zitatu zija zinali zitasanduka imodzi, tiziboliboli ta mkwati ndi mkwatibwi titamira mpaka m'khosi. Esinta anangoyang'ana, n'kulowa m'nyumba. Zinandiwawa kuposa msana.

Alamu anaima potero akupukuta fumbi pa galasi.

"Komatu mlamu, mwaona? Njira yonseyi sinapendekeko ngakhale pakona imodzi."

Mwini msewu akakuuza za mchenga, uzimva. Mawa lake Esinta anadyetsa mwamuna wake keke ndi supuni.