Chitsulo Chomaliza cha Taisiya Yegorovna

A Taisiya Yegorovna sankatha kukhazikika akakhala pansi. Podikira basi ankangoyendayenda, buledi ankadyera chilili. Koma akakwera m'kachipinda ka kireni yawo, chimakina chokwezera katundu, pamwamba pa chinsanja chimene tinkamanga m'mphepete mwa nyanja kuno ku Petersburg, ankadekha ngati nkhuku yofungatira mazira.

Ine ntchito yanga inali kumangirira zitsulo ku mbedza ya kireniyo ndi kuwalondolera pa wailesi yam'manja, poti kumwambako katundu sankamuona bwino. Maso awo ndinali ine.

"Marat, wamanga kapena ukulota akazi a eni?"

"Ndamanga, Taisiya Yegorovna. Kwezani pang'onopang'ono."

"Undiphunzitse iweyo? Ndinayamba kukweza zitsulo usanamere mano."

Chaka chimenecho dokotala anawauza kuti maso awo atopa, mwezi ukatha atsike, asadzakwerenso. Pachinsanjapo panali patatsala chitsulo chimodzi, cha pansonga penipeni. Mayiwo anali atamanga masukulu ndi nyumba zosawerengeka, koma nsonga yoboola mitambo anali asanaikepo. Ankachifuna chitsulocho ndi mtima wonse.

Ndiye mphepo ya kunyanja inayamba chipongwe chake. Kukacha, mphepo. Mawa lake, mphepo. Chitsulo chili gone pansi, ife tikungomwa tiyi mpaka mimba kutupa. Iwo kumwamba akupukuta magalasi oyera kale, n'kumandiitana pa wailesi popanda nkhani. Zinkanditopetsa, ndisaname, koma chisoni chinkandigwiranso.

Tsiku lawo lomaliza mphepo inachepako masana. Kapitawo wathu anati ili pamalire penipeni pa mlingo wololedwa, mayiwo asankhe okha kukweza kapena ayi. Ndinamanga zingwe. Chitsulo chinanyamuka, chinapitirira mutu wanga, kenaka chinayamba kupendekera uku ndi uku. Ndinaika wailesi kukhutu. Ndinkangomva kupuma kwawo.

Anachitsitsa n'kuchigoneka pomwe chinali.

"Bwanji nanga?" ndinafunsa mokwiya. "Chikanafika."

"Mwina chikanafika. Koma pansipo pali chimutu chako chopanda nzerucho, ndipo mkazi wako ndimamudziwa."

Madzulo anatsika ndi fulasiki yawo m'khwapa, osatsanzika munthu.

Lolemba kunacha nyanja ili bata, mbendera zili lendee. Mphepo ilibe manyazi. M'kireni munakwera Gleb, woyendetsa watsopano, munthu wosayankhulayankhula. Ndikumanga zingwe ndinawaona mayi aja kunja kwa mpanda, thumba logulira zinthu lili m'manja, akupita uku ndi kubwerera, khosi lili m'mwamba.

Chitsulo chinakwera mowongoka mpaka kuchepa ngati singano. Anzathu a pansonga atakweza manja kuti chafika, ndinadina wailesi, pakamwa panga n'kutuluka mawu amene panazolowera.

"Tsitsani pang'ono, Taisiya Yegorovna."

Koma m'kireni munali Gleb. Sanandikonze.

"Ndamva," anatero, n'kuchitsitsa.