Tayala Linaphulika, Jafali Sanacheuke

Masiku ano ntchito yoperekeza ndi kukatenga mwana kusukulu ya mkombaphala yagwera ine. Mayi a kunyumba ali ndi khanda, sakuyenda mtunda, ndiye masana aliwonse ndimazemba mu ofesi, kukwera kanjinga kanga n'kutsata msewu wa ku Nkopola kukatenga Tiyamike, mwana wathu wa zaka zinayi.

Sukuluyo musaiganizire patali. Ndi chisakasa cha udzu m'mbali mwa msewu, mpanda wa bango, mphika wa phala ndi mphunzitsi mmodzi, Mayi Nambewe, amene anabwera kuno kuchokera ku Dowa potsatira amuna awo apolisi. Ana alipo ochuluka ngati usipa pathandala, moti pofika masana mayiwa mawu amakhala atasasa.

Lolemba lapitali ndikuimika njinga, lole yodzaza madengu a nsomba zouma inkadutsa, ndipo tayala lake linaphulika pafupi penipeni ndi mpanda. Phuu! Ana anati balala, kulira kokhakokha. Mayi Nambewe anataya chipande. Ine ndemwe, bambo wa ndevu zanga, ndinapezeka ndanyonyomala kuseri kwa njinga, ngati njinga ingatchinge kanthu.

Mwana mmodzi yekha sanacheuke.

Kanali kamnyamata kamsinkhu wa Tiyamike, kovala malaya ofika m'mawondo, kali chikhalire pamchenga kakudzaza dothi m'chitini. Sikanadzidzimuke, kuphethira komwe ayi. Kanadzutsa mutu kataona miyendo ya anzake ikuthamanga, n'kuyamba kuseka poyesa ndi masewera.

Ndinapita kumbuyo kwake n'kuomba m'manja mwamphamvu. Zii. Ndinaombanso pafupi ndi khutu. Zii.

"Mayi, mwana uyu ndi wa yani?" ndinafunsa.

"Ameneyo ndi Jafali, wa Abiti Amini a kudooko uko," anatero Mayi Nambewe akutola chipande chawo. "Musavutike naye, bambo a Tiyamike. Chichewa sachimva. Kwawo n'Chiyao chokhachokha. Chibwerereni chaka chatha sanandiyankhepo, koma alibe vuto, amangotsatira anzake."

"Nanga tayala lija laphulika m'Chichewa?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana uja, kenako anagwira pakamwa.

Nditaweruka ndinapita kukawafuna amayi ake. Ndinawapeza kudooko akutembenuza usipa padzuwa. Ndi mayi wachitsikana ndithu, amuna awo anapita ku Joni ndipo sanabwerebe. Kanyumba kawo kali pakati, uku msewu uku nyanja, ndipo alibe womusiyira mwana akamapita kokagula nsomba m'mawa. N'chifukwa chake anamupititsa kwa Mayi Nambewe, ngakhale achibale ena ankati sukulu ya akhristu ikamusokoneza. Kwa Abiti Amini, chisakasa chija ndi malo okhawo amene angasiye mwana n'kugwira ntchito mtima uli m'malo.

Chiyao changa chimathera pa moni, ndiye tinayankhula Chichewa.

"Elo, eya bambo, Jafali ankayankhula," anatero. "Ankati mama, ankati mesi akafuna madzi, ankati somba. Ndiye dzinja lija anadwala malungo aakulu, tinagona naye kuchipatala, Mulungu anatichitira chisoni anachira. Atachira m'pamene ndinamupereka kusukulu. Kuyambira pamenepo, chete."

"Nanga inu munkaganiza kuti n'chiyani?"

"Ine ndimati Chichewa cha kusukulu chamumanga lilime. Anzanga anandiuza kuti zimatero, mwana akamamva ziyankhulo ziwiri amayamba wakhala chete, kenako amasankha chimodzi. Ndiye ine ndimadikira kuti asankhe."

Mwamva, anzanga? Mphunzitsi akuti mwana sakuyankha chifukwa cha Chiyao cha kunyumba. Mayi akuti mwana sakuyankha chifukwa cha Chichewa cha kusukulu. Aliyense waponya vuto kuseri kwa mpanda, aliyense akudikira moleza mtima, ndipo chaka chatha mwana ali m'dziko lake lopanda phokoso.

Amayi awiriwa amaonana m'mawa uliwonse pachipata. "Mwadzuka bwanji?" "Tadzuka, kaya inu?" Basi. Palibe anafunsapo mnzake kuti kodi kwanuko mwanayu amayankha. Paja safunsa anadya phula.

Tisamvane molakwika. Chichewa ndi chinenero cha fuko lathu, ine ndilibe nacho mlandu, ndipo ndi chomwecho ndikudyera polemba pano. Mayi Nambewe nawonso sindikuwaloza chala. Munthu mmodzi kuphika phala, kupukuta mamina, kuletsa ndewu, kuperekeza wina kuchimbudzi uku akuimbitsa nyimbo, angapeze kuti nthawi yoyang'ana mwana amene salira? Pamalo otere amene amaoneka ndi mwana wovuta. Wofatsa amangoyamikiridwa kuti ngwaulemu.

Chimene chikunditopetsa ndi chizolowezi chathu ife obwera, amene boma linatitumiza kudzagwira ntchito kuno. Tinabwera ndi mayankho okonzeratu m'thumba. Mwana akajomba, timati anthu akuno sakonda sukulu. Akagona m'kalasi, timati anali kunyanja. Akapanda kuyankha, timati ndi Myao. Yankho likakhalapo kale, funso silifunikanso, ndipo maso amapuma. Mwana wa kalaliki mnzanga atakhala mwezi umodzi wokha osayankhula, bwenzi tonse titathamanga naye kwa dokotala, wina atabwereka kale galimoto.

Ndili pa njinga Lachiwiri ndinafunsa Tiyamike ngati amasewera ndi Jafali.

"Eee. Koma samva, adadi. Timachita kumukoka malaya."

"Nanga phala likapsa mumamuuza bwanji?"

Anandionetsa: kadzanja kupita kukamwa kawiri. Kusamba m'manja, amatikita zikhatho. Aphunzitsi akakwiya, amatupitsa masaya. Ana anathana nayo kale nkhaniyi mwa njira yawo, kungoti palibe wamkulu anawafunsa.

Lachitatu ndinapempha chilolezo kuntchito n'kuperekeza Abiti Amini kuchipatala. Tinakhala pabenchi mpaka msana kuwawa. A dokotala anamuunika mwana m'makutu, anamulizira kachitsulo uku ndi uku, kenako anapukusa mutu. Anati malungo aja anapita ndi makutu, ndipo mankhwala ake palibe. Anati sukulu za ana osamva zilipo, koma zili kutali, malo ndi ochepa, ndiponso satenga ana aang'ono chonchi. "Mudzabwere naye akakulako," anatero.

Abiti Amini sanalire. Anangomubereka mwana wamkulu uja kumsana ngati khanda, n'kumanga nsalu mothina. Panjira anayankhula kamodzi kokha: "Ndiye kuti muja ndinkamukalipira kuti ngwamwano, iye samamva kanthu?"

Ine ndinangokankha njinga.

Komabe mumtima ndinkadzitonthoza kuti vuto likadziwika, theka la ntchito latha. Ndinkati tsopano Mayi Nambewe azimukhazika kutsogolo kuti aziona pakamwa pawo, azimugwira paphewa pomuitana, ndipo zizindikiro za ana zija akuluakulu aziphunzirenso. Zonsezi sizifuna simenti kapena malata.

Ndinaiwala kuti sukulu ili ndi komiti.

Lachinayi madzulo komitiyo inakhala pansi pa chisakasa chomwecho, akuluakulu atadzipinda pa timabenchi ta ana. Wapampando ndi a Kamwendo, mphunzitsi wopuma, munthu wabwino ndithu, amene anathandiza kumanga chisakasacho ndi manja awo. Anandithokoza kaye chifukwa cha maso anga akuthwa. Munthu akayamba ndi kukuthokoza pamsonkhano, dziwa kuti nkhonya ili m'njira.

"Abale anga," anatero, "pano si pachipatala. Mayi Nambewe sanaphunzire za ana otere. Msewu ndi uwu. Mwanayu akatuluka pampanda, galimoto n'kuliza hutala iye osamva, akayankhe kuboma ndani?"

"Koma bambo," ndinatero ine, "mwanayu wakhala pano chaka chathunthu, ndipo sanatulukepo."

"Nthawi imeneyo sitinkadziwa, a Phiri. Tsopano tadziwa. Chikachitika chinthu lero, adzati munkadziwa koma munamusunga."

Mayi wina wa m'komiti anawonjezera kuti makolo ena ayamba kale kunong'ona, akuti ana awo angatengere kuyankhula ndi manja n'kusiya pakamwa. Wina anakumbutsa kuti mwezi wamawa kukubwera alendo ochokera ku likulu kudzaona chitukuko, ana adzaimba, nanga mmodzi akadzangoti kukamwa yasa zidzaoneka bwanji? Apo aliyense anayang'ana pansi, chifukwa nkhani ya alendo siyitsutsidwa.

Mayi Nambewe anayesa. "Ine ndikhoza kumusunga, atangondipatsa mtsikana mmodzi wondithandiza."

"Mtsikanayo timudyetsa chiyani?" anafunsa a Kamwendo.

Abiti Amini anali atakhala pamphasa chakumbuyo. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anagwada n'kunena motsitsa: "Mwanayu ndi yemwe uja wa dzana, mabwana. Sanasinthe. Phala amadya lomwe lija."

A komiti anawayankha mwaulemu wonse kuti akumvetsa, kuti akuwamvera chisoni, ndipo kuti mwana ayambe wapuma kunyumba kufikira komiti itaona chochita. Inu ndi ine tikudziwa kutalika kwa mawu akuti "kufikira titaona chochita". Ena amene anauzidwa mawu amenewa ali ana, lero ali ndi zidzukulu.

Choncho onani mmene zinthu zathu zimayendera. Pamene Jafali ankayesedwa Myao wosamva Chichewa, malo anali nawo. Pamene ankayesedwa wamwano, malo anali nawo. Tsiku limene tadziwa chenicheni chimene akusowa, ndiye tsiku limene tamutsekera chipata. Kusadziwa kunamusunga chaka chonse, kudziwa kwamuchotsa sabata imodzi yomwe.

Ndikuuzeni zoona, ndatopa, ndipo mtima ukundiwawa. Pali nthawi imene ndikumadzifunsa ngati sikukanakhala bwino ndikanangonyamula mwana wanga Lolemba lija n'kupalasa njinga osatsegula pakamwa. Ndikudziwa kuti ganizo limeneli ndi loipa. Koma dziko limene munthu amanong'oneza bondo chifukwa choona mwana wovutika, pali china chake chapindika.

Timakonda kunena pamaliro ndi pamaukwati kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu timaunena bwino kwambiri. Kungoti sitinena kuti tikutanthauza mwana woyenda bwino, woona bwino, wakumva bwino, woti alendo akabwera aimbe. Ena aja timati ndi a Mulungu, ndipo tikatero timawabweza kwa amayi awo kuti Mulunguyo akawapeze komweko.

Alipo angati m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi, kuyambira kuno mpaka ku Malindi ndi kumtunda ku Katuli, amene malungo kapena chikuku chinawasiyira chilema? Sindikudziwa, ndipo sindikhulupirira kuti alipo akudziwa. Sitiwaona chifukwa ali kuseri kwa nyumba. Tikuti adikire sukulu yawoyawo akadzakula, koma zaka zimene mwana amaphunzira kukhala ndi anzake, kudikira nthawi yake pamzere, kugawana chidole, ndi zino zomwe tikumuuza kuti akakhale yekha.

Sindikupempha nyumba yosanja. Ndikupempha kuti amayi amene amasunga ana athu m'zisakasa zotere aphunzitsidweko, ngakhale pang'ono, kuzindikira mwana wosamva, wosaona bwino kapena wochedwa kuyankhula, ndi chochita naye akamuzindikira. Ndikupempha kuti mphunzitsi ndi kholo azifunsana zoposa moni. Ndipo ngati vuto ndi wothandiza, ife makolo tilipo ambiri. Kodi amayi sangasinthane masiku, abambofe n'kulimbitsa mpanda ndi chitseko? Ndinanena zimenezi pamsonkhano paja, anati ndi maganizo abwino, adzawaona.

Lachisanu m'mawa ndinafika pachipata ndi Tiyamike, ndipo ndinapeza Jafali ali kale pomwepo. Nkhope inali yosamba, kapu yake ya phala ili m'manja. Amayi ake anali atamusiya kwa mayi wina woyandikana nawo n'kupita kudooko, koma iye ataona anzake akudutsa, anazemba n'kuwatsatira. Msewu umene komiti inkauopa uja anauoloka yekha, popanda womugwira dzanja.

Mayi Nambewe anali mkati, atagwira chitseko cha bango, osachitsegula, osachitseka. Anayesa kumukupizira dzanja kuti abwerere kwawo. Jafali anayesa akumupatsa moni, ndipo anaimika kadzanja kake n'kukupizanso, akumwetulira.

"Bambo a Tiyamike," anatero mayiwo misozi ili lengelenge, "ndimuuza bwanji?"

Ine ola la ntchito linali litakwana. Ndinawasiya ali chiimire choncho, wina mkati, wina kunja.

Inu a komiti, chigamulo munachipereka bwino, ndipo tonse amene tili ndi makutu tinachimva. Watsala mwini wake yekha. Bwerani pachipata mudzamuuze nokha kuti malo ake atha. Koma mudzamuuza m'chinenero chanji?