Kuwala Kothawira pa Mphira

Ndinkagwira ntchito yojambula ekisireyi pa chipatala china cha mishoni kumadzulo kwa Lilongwe, kumene odwala ambiri ankabwera pa njinga ndi pa ngolo kuchokera cha ku Nsaru. Zithunzi zathu zinkalowa m'makina atatu osungira zinthu, amene anali m'kachipinda koyandikana ndi kophikira tiyi, ndipo makinawo ankalumikizana kudzera pa kabokosi kotchedwa swichi. Kuchokera pamenepo adokotala a ku tauni ankatsegula chithunzi ali pampando wawo. Ine zimenezi ndinkangozigwiritsa ntchito osazimvetsa.

Chaka china mu Okutobala makinawo anayamba matama. M'mawa zonse bwinobwino. Dzuwa likafika paliwombo, kagetsi kobiriwira ka pa swichi kankathima, kuyaka, kuthimanso. Makina atatu aja ankasiya kumvana, chithunzi n'kuima pakati. Ndinkapsa mtima mpaka kumalankhula ndekha. Tinaitana mayi wina wodziwa za netiweki, kulumikizana kwa makina otere, ndipo tsiku limene anafika ndi lomwenso achibale anatibweretsera mlimi wa fodya amene anagwa pa ngolo, gudumu n'kumuponda pachifuwa.

Bamboyo ankapuma mobanika. Mnzanga woona odwala anasowa chogwira: kumutumiza ku tauni pa msewu wamabampu uja, kapena kumuboola pachifuwa pomwepo kuti mpweya wotsekeredwa utuluke. Ankafuna adokotala aone kaye. Ndinajambula, koma chithunzi chinakana kufika. Tinayesa kuchijambulanso ndi foni, adokotala n'kutiuza kuti kamzere ka m'mphepete mwa phapo kamene akufuna sikakuoneka.

Akazi a mlimi uja anandigwira malaya pakhonde. "Kodi adokotala aona, achimwene?"

"Aona posachedwapa, amayi," ndinatero, koma mantha anali atandigwira.

Ndinathamangira m'kachipinda muja. Mayi wa netiweki uja anali atagwada kuseri kwa makina, thukuta kamukamu. Sankapupuluma, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa. Anachotsa chingwe pa bowo lina la swichi n'kuchilowetsa pa lina. Kagetsi kanayaka, kenako thi. Anasintha kachitsulo kolowetsapo chingwe. Chimodzimodzi. Anapukuta mutu wa chingwe ndi kansalu. Ayi ndithu.

"Swichi ilibe mlandu, makina alibe mlandu," anatero. "Chatsala n'chingwe. Tatsekani chitseko ndi zenera, bambo."

Chinali chingwe chachikasu chowonda. Anandiuza kuti m'kati mwake mulibe waya, muli ulusi wagalasi wochepa ngati tsitsi, ndipo chimene chimayendamo ndi kuwala. Ndinaganiza kuti akundiseka. Anatulutsa katochi konga cholembera, n'kukalumikiza kumapeto kwa chingwe.

M'chipinda munali mdima. Tinatsata chingwecho ndi maso m'mbali mwa khoma, chonse chili zii. Koma pamwamba, pafupi ndi malata, pamene chimakhota, panali kufiira ngati khala la moto. Kuwala kunkatuluka m'chingwe chosaduka, chosang'ambika, n'kumaunikira khoma. Zaka zonse zija nthiti za anthu, mapapo a ana, mafupa othyoka a agogo, zinkadutsa pamutu panga ngati kuwala, ine ndikumwa tiyi chipinda chinacho.

"Anamanga apa ndani?" anafunsa mayi wa netiweki uja.

Anali akalipentala athu. Chingwecho chinkalendewera, masisitere anati sichikuoneka bwino, ndiye iwo anachipinda pakona n'kuchikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Kwathu kuno chinthu chomangidwa bwino ndi chothina. Thumba la chimanga, mtolo wa nkhuni, mpini wa khasu, zonse ndi mphira, ndipo womanga molefuka timamuseka.

"Amanga ngati belo la fodya, eti?" anatero mayiyo akumwetulira. "Kuwala sikukhota chonchi. M'mawa kumadutsako pang'ono. Malata akatentha mphira imakoka, ndiye kumathawira panja."

Anakwera pampando n'kudula mphira ija ndi lumo. Anawongola chingwe pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, kufiira kuja kukucheperachepera mpaka kutheratu. Atachibwezera pa swichi, kagetsi kanayaka kobiriwira n'kukhala choncho. Tinakayang'anitsitsa osaphethira. Sikanathime.

Foni inalira ndisanafike n'komwe kuchipinda chojambulira. Anali adokotala.

"Ndachiona. Phapo lakumanja laphwa. Musamuyendetse pa msewu, sakafika. Mubooleni pompano."

Mnzanga anagwira ntchito yake, ine nditagwira dzanja la bamboyo. Kapaipi katalowa m'chifuwa, mpweya unatuluka kuti fyuu, ndipo chifuwa chinayamba kukwera ndi kutsika mbali zonse ziwiri. Patapita kanthawi anatsegula maso n'kuyang'ana akazi ake, amene anali atagwada pakhomo.

"Mayi ake," anatero ndi mawu osasa, "ng'ombe zija mwazimasula?"