Tepi Yochokera Tsidya la Msewu

"Mayi, anthu akamaomba m'manja, musamayang'ane oombawo. Muziyang'ana amene wapinda manja." Anandiuza zimenezi ndi bambo wachisilamu amene ankatibwereka chipinda kuseri kwa sitolo yake pa Lizulu. Tsikulo ndinaseka.

M'chipindamo ine ndi amuna anga tinkaonetsa vidiyo. Inali nthawi ya chipani chimodzi, chithunzi cha mtsogoleri chili pakhoma lililonse, lathu lomwe. Pa Lizulu malire ndi msewu: ukangouoloka uli ku Mozambique. Amuna anga ankagula kachewere kutsidyako, ndipo matepi ankabwera pansi pa thumba. Iwo ankasamala jenereta. Ine ndinkakhala pambali pa kanema n'kumauza anthu zimene a m'filimumo akunena. Chilankhulo chawo sindinkachimva ngakhale pang'ono. Ndinkangoyang'ana nkhope, mawu n'kupeka ndekha.

Tepi imene inandimangitsa inali yachikondi. Mtsikana, mwana wa nduna, akondana ndi mnyamata wa gulu loukira boma. Dziko lawo lili pa chipwirikiti, iwo akukumana mobisa pa mlatho. Chakumapeto khamu lilowa m'nyumba ya boma n'kugwetsa chithunzi cha wolamulira. Pamenepo ndinatengeka. Ndinafuula kuti, "Watsika! Nayenso ndi munthu!" Chipinda chonse chinaomba m'manja, kupatula mnzanga wina amene tinkaimba naye kwaya. Ndinamuona, koma ndinati mwina akumva kuzizira.

Apolisi anabwera tsiku la msika, masana, nyengo yokumba kachewere. Chitseko chinali chotsegula koma anagogodabe.

"Odi, amayi a kanema. Akukufunani ku Boma, ndi makina anu omwe."

Amuna anga anali tsidya la msewu, akumangirira thumba panjinga. Atandiona anayamba kuoloka. Ndinakweza dzanja ngati ndikuingitsa nkhuku, kawiri konse. Anaima. Galimoto ikunyamuka ndinawaona akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, njinga ili pansi.

Ku Ntcheu anandilowetsa m'chipinda chopanda chikwangwani. Analumikiza makina aja, mkulu wawo n'kukhala pampando.

"Tifotokozereni mmene mumafotokozera anthu anu."

Titafika pa khamu lija ndinati, "Awa, bwana, ndi ankhoswe a mtsikanayo. Chithunzicho ndi cha mwamuna woyamba amene anathawa ukwati."

Wapolisi wina kukhomo anaphulika kuseka. Mkuluyo sanaseke.

"Ankhoswe a kwanu amayenda ndi mfuti? Mayi, funso ndi limodzi. Tepiyi anaoloka nayo ndani?"

"Ndinatola pamsika."

Zimene zinatsatira sindilemba zonse. Khutu langa lamanzere linasiya kumva masana omwewo, ndipo chala chimodzi sichinawongokenso. Atatha anandipatsa madzi mwaulemu.

"Tchulani dzina, mawa mukagone ndi ana anu."

Ana anali kwa amayi anga, ndipo wamng'ono anali atangosiya bere. Koma ndinkadziwa za amuna amene anatengedwa pa nkhani za malire. Amayi ena ankabwerako. Amuna aja ayi.

Kukhoti sindinapiteko. Ananditumiza kundende yakutali, kumbali ya amayi. Tinali ambiri, ndowa imodzi, nyemba zake za anankafumbwe. Masana ankatitulutsa padzuwa kuti tiphane nsabwe. Gogo wina, amene anamangidwa chifukwa mwana wake anathawa m'dziko, anandifunsa uku akundipenda m'mutu.

"Mwanawe, unalakwa chiyani?"

"Kanema, agogo."

"Ndiye tiuze tione ngati inali yoyenera kumangidwira."

Ndinayamba kuwauza, pang'onopang'ono, tsiku lililonse kachigawo. Amayi aja anagawikana. Ena ankati mtsikanayo ndi chitsiru kusiya nyumba yamagetsi, ena ankati mnyamatayo ndiye mwamuna. Panali mayi wina wotilondera, wandodo, waukali. Ankakalipa kuti, "Chete, andale inu!" koma sankachoka pamene paja.

Mufilimu yeniyeni mnyamatayo amamuwombera pa mlatho, n'kufera m'manja mwa mtsikanayo. Tsiku limene ndinafika pamenepo, asilikali atakweza mfuti, mlonda uja anamenya ndodo pansi.

"Iwe! Ameneyo asafe. Ukamupha, mawa sutuluka padzuwa."

Ndiye sindinamuphe. Ndinamuolotsa. Kuyambira apo, nthawi iliyonse akanditenga kukandifunsanso dzina lija, pobwerako ndinkamuyendetsa mnyamatayo mtunda wina. Ndinamubisa m'munda wa chimanga, ndinamukweza ngolo, ndinamudwalitsa malungo n'kumuchiza. Amayi aja ankaganiza kuti ndikuwasangalatsa. Ine ndinkadziwa amene ndikumuthawitsa.

Ulendo wina ofunsawo anasintha njira. Sanandigwire n'komwe.

"Amuna anu akwatira kutsidyako, mwamva? Mtsikana wabwino, wogulitsa nsalu za makapulana. Inu mukuvutikira ndani?"

Mawu amenewo anandigoneka pansi kuposa ndodo. Ndinakhala osadya, osafotokoza filimu. Gogo uja ndiye anandidzutsa.

"Nanga mtsikana uja wamusiya pa mlatho, adikira mpaka liti?"

"Mpaka abwere," ndinatero, n'kudzuka. Dzina sindinalitchule.

Mvula inagwa n'kutha, inabweranso. Kunja zinthu zinayamba kusintha, anthu akulankhula poyera za zipani zambiri. M'mawa wina mlonda uja anatsegula.

"Tenga zako."

"Zanga ziti?"

Palibe anapepesa. Pachipata mlonda uja anandinong'oneza kuti, "Koma anakumana?" Ndinati, "Ndikukaona."

Ndinatsika basi pa Lizulu msika uli pakati. Amuna anga anali tsidya lomwe lija, ataonda, njinga yomweyo ili pambali. Bambo wa sitolo anandiuza pambuyo pake kuti tsiku lililonse la msika ankaima pamenepo, ndipo kachewere wa ana ankamutumiza kudzera mwa iye. Za mtsikana wa makapulana linali bodza. Atandiona, amuna anga anaoloka osayang'ana malole, madalaivala akuwatukwana.

"Simunanditchule," anatero.

"Ndikanakutchulani, jenereta akanandilizira ndani?"

Tinaseka mpaka misozi pakati pa milu ya kabichi. Anakalamba ndili nawo, ndipo anamwalira pa mphasa pawo, ana atawazungulira. Amene ankafuna dzina lawo sanalimve kuchokera kwa ine, ndipo salimva m'nkhani ino.

Mnzanga wa kwaya uja akugulitsabe tomato. Ndimagula, ndimapereka moni, ndimayang'ana manja ake. Adzukulu anga amaonera mafilimu pafoni, omasulira kale m'Chichewa, n'kumanyoza atsogoleri mokweza pakhonde. Ine ndimakatseka zenera, iwo n'kumandiseka. Aseke. Ufulu ndi umenewo: kuomba m'manja osayang'ana kumbuyo. Ine sindiutha, koma ndinauvutikira, ndipo ndikuuona ndi maso.

Pano ndimakhala ndekha masiku ambiri. Mukamadutsa pa Lizulu patukani, mudzandione. Mugogode ndithu, munene kuti ndinu ndani komanso mwana wa ndani. Ndikatsegula, mukhale kumanja kwanga kumene kuli khutu lomva. Ndidzakuuzani filimu yonse, ndipo mnyamatayo safa.