Foni ya Ba Tembo pa Kompyuta ya Pasikelo

Ntchito ndinaipeza kudzera kutchalitchi. Ba Tembo, mkulu wa mpingo wathu amenenso amayendetsa tiraki, anamva kuti fakitale ina ku Industrial ikufuna munthu wa makompyuta. "Mwana wanga, yenda ukayese," anatero. Kufakitaleko anandilemba mongoyesa kaye. Ndinkakoka mawaya a netiweki, kuyang'anira swichi yolumikiza makompyuta ndi fayawolo yotchinga akuba a pa intaneti, komanso kusamala kompyuta ya pasikelo, pomwe matiraki amayezedwa asanatuluke ndi katundu.

Abwana anga, Ba Mwanza, anati ndikakhazikika kampani idzandiphunzitsa setifiketi imodzi yokha ya chitetezo cha netiweki, ndiye ndisankhe. Ina inali ya kuthyola masisitimu mololedwa pofufuza mipata, ina ya kulondera netiweki ndi kuthana ndi vuto likabuka. Anzanga ankati, "Iwe, tenga ya kuhaka, ndiye ili na dzina!" Inenso mtima unali komweko. Ulonda ndani amaufuna?

Tsiku loipalo linabwera mvula itangoyamba, matiraki atandanda mpaka kugeti. Kukomboni malaiti anali atapita, ife tili pa jenereta. Madiraiva anali atazolowera kale kutchaja mafoni pa kompyuta ya pasikelo, ndipo kalaliki sankawakaniza poti ndi akuluakulu.

Masana kalalikiyo anandiimbira kuti mafayilo asintha maina, sakutseguka. Ndinathamanga. Pa swichi, kanyali ka kompyutayo kanali kuphethira mosalekeza: vairasi inali kufunafuna njira yopita ku seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a fakitale yonse. Ndinazula waya, sikelo n'kuima.

Panja matiraki mahutala ake! Manejala wa katundu analowa ali thukuta kamukamu. "Bweza waya uyo manje manje, apo ayi mailo usabwere!" Ndiye kuti mawa ntchito yatha. Ba Mwanza anali ku Lusaka, foni osayankha. Mayo ine, ndinachita mantha. Ndinati, "Bwana, nikabweza, fakitale yonse izagona." Sindinabweze.

Kumbuyo kwa kompyuta kunali foni imodzi, yokhala ndi memori kadi yodzaza nyimbo zokopera pamsika. Ndisanafunse kuti ndi ya ndani, mwini wake anasuzumira pakhomo akumwetulira. "Shani mwana wanga, yazula foni yanga?" Anali Ba Tembo, kufunsa ngati yadzaza moto.

Madiraiva onse anali kumva. "Ba Tembo, foni yanu siizachoka pano mpaka niione. Ndipo apa simuzatchajanso." Kumwetulira kuja kunazima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, munthu amene anandipezera ntchito, kenako anachoka. Zinandipweteka kuposa kukalipa kwa manejala.

Ndinafufuta kompyuta yonse, kubwezeretsa mafayilo kuchokera pa bakapu, kutseka mabowo a USB, n'kufufuza ngati seva inakhudzidwa. Inali bwino. Vairasi ndinaipeza pa kadi ija. Ba Mwanza atafika anayang'ana zonse, kenako anati, "Mailo ubwere. Nanga setifiketi wasankha iti?"

Ndinasankha ya ulonda. Ndinali nditaona kuti kwathu kuno vuto silichita kuthyola fayawolo, limalowa pakhomo m'thumba la munthu amene sungamukanize, ndipo mlonda ayenera kukana ndithu. Ndinapemphanso kuti aike masoketi kugeti.

Ntchito ndikadali nayo, setifiketi ili pakhoma. Ba Tembo amatchaja foni yawo kugeti, ndipo Lamlungu timapatsana moni bwinobwino. Koma chichokere tsiku lija amanditcha "Ba IT". Sananenenso kuti mwana wanga.