Mpini wa Chiwale

Mpini wa chiwale uja ndimaukumbukabe: wopepuka ngati phesi, wopakidwa dothi lofiira kuti uoneke ngati wa khasu lenileni. Anabwera nawo anthu ojambula filimu ochokera ku Tete, m'nyengo yokumba kachewere, pamene chisanu cha ku Tsangano chimang'amba milomo. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi.

Filimuyo inali yonena za alimi osauka nkhondo itatha. Mkulu wa ojambulawo anakana kubweretsa akatswiri a masewero a m'tauni. Ankafuna anthu enieni, ndiponso kuti mbali zonse zionekemo, amene anathawira ku Malawi ndi amene anatsala. Cholinga chimenechi sindichinyoza ngakhale lero. Cholakwa chinali pa kasankhidwe. Aphunzitsi, amene ankamasulira Chipwitikizi, anali mlendo wochokera ku Furancungo, ndipo atafunsidwa za wotsala mmodzi ndi wobwerera mmodzi, analoza atsibweni anga ndi bambo ena a kutsidya kwa mtsinje.

Aphunzitsiwo sankadziwa kuti nkhani ya m'filimuyo inali ya awiriwo ndithu. Atsibweni anatsala, nalima dimba la bambowo zaka zonse za nkhondo. Eni ake atabwerera, akulu a mpingo analigawa pakati, nabzala mzere wa nthochi m'malire. Kuyambira pamenepo awiriwo ankapatsana moni, koma dimba osalitchula. Mtendere wathu unali womwewo.

Tsono filimu inafuna kuti alitchule. Bambowo anene kuti, "Wakuba iwe, unadya thukuta langa," amenye atsibweni ndi chiwale, ine ndikuwe. Ulendo woyamba tonse tinaseka. "Outra vez!" anatero mkuluyo, aphunzitsi nkuti tibwereze. Pofika ulendo wachinayi panalibe woseka. Atsibweni anawonjezera mawu amene sanawapatse: "Inu munkadya ufa wa chithandizo, ife tikukwirira mitembo kuno."

Ndinaona bambowo akuponya chiwale pansi, natola khasu la amayi. Mtengo weniweni ukagunda mutu wa munthu umamveka mogontha, ngati dzungu lagwa kuchokera pa denga. Atsibweni anagwada, magazi akuchucha m'khutu. Kachiwiri mpini unagwera pa dzanja limene anatchinga nalo, zala ziwiri nkupindikira kumbuyo. Amayi analumpha mizere, nakanyanga bambowo pakhosi: "Mwandiphera alongo anga! Mwandiphera!" Ine ndinakuwa mpaka mawu anatha. Makina anali akujambulabe, pakuti mkuluyo, ali chapatali, ankayesa kuti tayamba kusewera bwino. "Muito bem, menina!" anandifuulira. Mawuwo ndinkawadziwa kusukulu: ndachita bwino.

Kwa zaka zambiri ndayesa kugawa mlanduwu mwachilungamo. Bambowo ndiwo anamenya, atsibweni ndiwo anaputa. Koma ojambula anatipatsa malo oti tioneke osayamba afunsa chimene chinkatikhalitsa chete, ndipo pamenepo ndi pamene ndimaika gwero lake. Atsibweni anachira, koma dzanjalo silinagwirenso khasu. Mvula isanagwe nthochi zija zinadulidwa, ndipo dimba lonse linamera tsekera, popeza panalibe wolimba mtima kulowamo.

Madzulo a tsikulo ndinatola chiwale chija, ndinathamanga nacho kumtsinje kumene amayi ankachapa malaya a atsibweni, madzi akufiira pa mwala. Ndinawauza kuti mkulu uja wandiyamikira, kuti ndinakuwa bwino kuposa maulendo onse. Anandilanda chiwalecho, nachithyola pa bondo, napitiriza kuchapa. Ndinabwerera kunyumba ndikulira, osamvetsa chifukwa chake amayi okha ndiwo sananditamande.